Mchenga wa Nambala 9

Kawiri konse Oom Stoffel, mkulu wotiyesa, anandilepheretsa mayeso oyendetsa tiramu nambala 9. Koyamba anati ndimayankha mwamwano. Kachiwiri anati belu ndimaliza ngati ndikukangana ndi munthu. Pa kayendetsedwe sanapeze chonena.

Kasitima kamagetsi kameneka ndinakadzutsa ndine. Kanabwera kumyuziyamu kwathu kali khola la nkhuku. Zaka zitatu, Loweruka lililonse, ndinkagona chagada pansi pake kukulunga mawaya a mota, mphunzitsi wanga ali buku long'ambika limene ndinaliloweza. Tonse pano timagwira mwaulere. Mphoto yake ndi imodzi basi: kiyi wamkuwa woyendetsera, amene amapatsidwa wokhoza mayeso. Ana a anzawo a Oom Stoffel ankamulandira ikangotha miyezi isanu ndi umodzi.

Tsiku la mayeso achitatu kunacha ndi mvula. Maluwa a jakaranda anali atamatirira panjanji, ndipo tayala likawaponda amaterera ngati sopo. Pakaterera chotero, mchenga ndiwo umathandiza matayala kugwira njanji. Lamulo limati usanatuluke m'shedi, uponde chopondera cha mchenga, utsike, uone ngati mchengawo wagwera panjanji. Ndinali nditangokweza phazi.

"Dikeledi, tiye. Anthu adzaza pageti."

"Sindinayese mchenga, Oom."

"Sebolai anathira dzulo. Kapena ukufuna uuwerenge umodziumodzi, tiweruke mawa?"

Ntate Sebolai, nkhalamba imene imatithirira mchenga m'mabokosi a tiramu, anali chapatali kusesa. Ndinapsa mtima. Ndinadziwa kuti ndikayankha, mwano ulembedwanso papepala la mayeso. Ndinaluma mlomo, n'kulowetsa kiyi.

Njanji yathu ndi yaifupi. Imakwera kaphiri, n'kutsetserekera kugeti kumene alendo amadikira. Pokwera zonse zinayenda bwino. Waya wa pamwamba unkathetheka, Oom Stoffel ali kumbuyo kwanga, cholembera chili kukamwa. Titayamba kutsika ndinazimitsa mphamvu, n'kupotoza chogwirira cha mabuleki.

Phokoso la matayala linasintha. Anali ataleka kuzungulira, koma tiramu inkapitabe, ikukhwekhwereza pamaluwa aja.

Ndinaponda mchenga. Palibe. Ndinapondanso mpaka bondo kuwawa. Palibe.

Kutsogolo geti linali lotseka, ndipo ana asukulu a mayunifolomu obiriwira anali atalendewera pagetipo, akutibayibitsa. Mayi wogulitsa mavetkoek, mandasi a kuno, anali atayala tebulo lake pambali pomwepo.

"Manga," Oom Stoffel anatero. "Manga kwambiri!"

Buku langa limanena zina. Tayala louma siligwira njanji, liyenera kuzunguliranso kaye. Ndinamasula mabuleki. Tiramu inachita ngati yakankhidwa, ndipo dzanja la Oom Stoffel linagwera padzanja langa.

"Wapenga iwe?"

"Chotsani dzanja."

Sindikudziwa mawu anga anatuluka bwanji, koma analichotsa. Matayala atayamba kugudubuzika ndinamanga pang'ono. Anauma. Ndinamasula, n'kumanganso, phazi lili pabelu osalekeza. Mphunzitsi wa ana aja anazindikira, n'kuyamba kuwakoka m'makolala. Kachinayi njanji inagwira. Tinaima poti nkhope ya mayi wa mavetkoek ndinkaiona bwinobwino, mpeni uli m'manja, kukamwa kuli yasa.

Titabwerera m'shedi, Oom Stoffel anatsegula bokosi la mchenga. Denga linali litadonthera momwemo usiku wonse. Mchenga unali utagwirana ngati dothi loumbira njerwa.

Anatseka bokosilo, n'kuyang'ana kukhomo. Ntate Sebolai anali akubwera ndi tsache lawo, pang'onopang'ono.

"Wayendetsa bwino," anatero motsitsa mawu. "Ine ndikanagunda geti lija. Kiyi ndi wako." Anamuika pa buku la maulendo. "Ulembe kuti mchenga unathiridwa wonyowa. Sebolai wakula, komiti inayamba kale kunena zoti apume."

"Anathira wouma."

"Ndani anaona?"

Kiyi ameneyo ndinali nditamulota zaka zitatu. Sindinama, cholembera ndinachigwira nthawi yaitali. Ntate Sebolai anafika, n'kutsegula bokosi lija, n'kusuzumiramo. Anangovula chipewa.

Ndinalemba mizere iwiri. Woyendetsa sanayese mchenga asananyamuke. Woyesa ndiye anamuuza kuti asayese. Ndinasaina, n'kutembenuza bukulo.

"Pasayinidwe apa, Oom. Popanda dzina lanu sililowa muofesi."

Anawerenga kawiri, makutu akufiira.

"Ukudziwa kuti ukatero walephera?"

"Ndazolowera. Koma lero ndilephere pa chifukwa chenicheni."

"Mwana iwe, pakamwa pako..."

"Pakamwa panga ndinatseka m'mawa. Mwaona kumene kutseka kwatifikitsa."

Ntate Sebolai anatsokomola. "Stoffel, cholembera chikuuma."

Anasaina. Anadinikiza mpaka pepala kubooka.

Komiti inatiimitsa ntchito ya patiramu miyezi itatu, ine ndi Oom Stoffel, ndipo kiyi anakolekedwa pamsomali muofesi. Nthawi iliyonse ndikadutsa pawindo ndimamuona, mtima n'kuwawa. Loweruka lotsatira anatipatsa ntchito yoyanika mchenga pamalata kuseri kwa shedi, woyang'anira wathu ali Ntate Sebolai. Oom Stoffel anatembenuza wawo ndi fosholo m'mawa wonse. Dzuwa litafika pamutu anati wauma.

Ntate Sebolai anatapa pang'ono, n'kufumbata, n'kutambasula dzanja. Unagwirana.

"Sunaume uwu, Stoffel. Bwereza."