Ramu Yatsopano m'Kompyuta ya Malemu

Kompyuta inangolira tii, tii, tii, galasi lili bii. Atelala anagwira m'mphepete mwa tebulo losokera. Kulira kumeneko anakumvapo kuchipatala, tsiku limene mwana wawo wamkazi anatsirizika.

"Zimitsani, alamu."

Alamu awo, amene ankakonza mafoni pamsika, anazula chingwe.

Kompyutayo inali ya malemuyo. Munali vidiyo imodzi imene sinali kwina kulikonse: mtsikanayo akuyesa diresi imene Atelalawo, amayi ake, anamusokera. Koma makinawo anali atatopa, vidiyo inkadukaduka, mawu ngati a munthu wachibwibwi. Alamu ndiwo anati awonjezere ramu, kathabwa kobiriwira kotalika ngati chala, kamene kamapatsa kompyuta liwiro. Tsopano ramu inali m'kati, kompyuta osadzuka.

"Mwandiphera mwana kachiwiri," anatero Atelala chapansipansi.

"Vidiyo sikhala mu ramu, alamu. Ili pamalo pake."

"Nanga chikulira n'chiyani?"

"Ikudandaula kuti ramu sikuiona."

Alamu anaichotsa ramuyo, napukuta timano take tagolide ndi labala, nauzira fumbi. Anayesa kuilowetsa pa kabowo kena. Tii, tii, tii. Nthawi iliyonse akayamba kukanikiza, Atelala ankawagwira dzanja.

"Pang'onopang'ono. Si chitseko cha bafa chimenecho."

Mapeto ake alamu anaponya sikuludiraiva patebulo.

"Vuto ndi inu. Chinthuchi chimafuna kukanikiza mpaka topanira tiwiri ta m'mbaliti titseke tokha. Inu mukufuna ndichisisite ngati khanda. Chili m'malere, sichinakhale."

"Chikathyoka?"

"Chikathyoka mudzanditukwana mpaka kumanda. N'chifukwa chake manja anga akukana. Kanikizani nokha."

Atelala anayang'ana m'kati mwa bokosi la kompyutayo. Pa fani yoziziritsa makina panali patakulungika tsitsi lalitali, loti silinali lawo. Anaika zala zazikulu mbali zonse ziwiri za ramuyo, zala zozolowera kuboola jinzi, natsinzina, nakankha ndi thupi lonse. Bolodi imene ramu imakhalapo inapindika pang'ono. Kenako kunamveka tha, tha.

Alamu analumikiza chingwe. Fani inazungulira, galasi linayera.

Vidiyo inayenda bwinobwino. Mtsikana anazungulira mu diresi ija, natembenukira amene ankajambula. Mawu amene kale ankamezedwa anatuluka onse: "Amayi, m'khwapamu mwandithina. Mukonza liti?"

Atelala sanali atakonza. Diresiyo inali ikadali m'sutikesi.

Alamu anatuluka osatsanzika. Atelala anakhala pomwepo, mwana akufunsa, iwo n'kubwezanso poyamba, mwana n'kufunsanso. Kasitomala anagogoda, nadikira, nabwerera.

Inu amene muli ndi mawu a munthu wanu m'bokosi limodzi, akopereni penanso lero, musanatsegule bokosilo ndi sikuludiraiva. Ndipo mwana akati pakuthina, masulani ulusi tsiku lomwelo.