Mjeremani wa Tsiku Limodzi

"Ine mundiike pakati pa Ajeremani, ngakhale amayi awo sangandisiyanitse ndi ana awo," anatero Virgil Stuckey. "Mawa madzulo, Dewey, ukhala ukudya nyemba ndi asilikali athu kutsidya, uku ukundiimbira nyimbo."

Ankalankhula atagona paudzu m'khola la ng'ombe, akukanda nsabwe ngati woimba gitala. Bambo ake anali ndi butchala ku Milwaukee, ndipo Chijeremani anachita kuyamwira. Ndege yake yoponya mabomba inali itangogwetsedwa kumene, masaya adakali ndi mafuta. Ine ndinali mkaidi wakale, wa mfuti ya kumchira kwa ndege, ntchito ya munthu woona nkhondo chafutambuyo.

Alonda achijeremani ankatiyendetsa wapansi akaidife kulowera kum'mawa, kuthawa asilikali athu omwe a ku Amereka, amene mizinga yawo inkagunda kutsidya kwa mtsinje wa Elbe. Mapazi anga anali atawola. Wotsalira m'mbuyo paulendo umenewu tinkangomva kulira kwa mfuti, osacheuka, ndipo ine ndinali nditayamba kale kutsalira. Kuwoloka mtsinjewo, kapena kugona m'ngalande. Njira yachitatu panalibe.

Virgil anasinthanitsa sopo ndi majekete awiri okutha kwa munthu wa ku Poland wogwira ntchito pafamupo. Popeza Chijeremani changa chinkathera pa kupempha mkate, anandimanga nsanza kuchibwano.

"Iwe ukudwala dzino. Ndiwe mlamu wanga, komanso mutu wako sukoka."

"Za mutuzo n'zofunikanso?"

"Kuti usavutike kuchita sewero, achimwene."

M'mawa tinadzikwirira muudzu. Mlonda wokalamba anabaya apa ndi apo ndi mpeni wa kumfuti, natukwana nyamakazi yake, n'kutuluka. Phokoso la nsapato litazilala tinauyamba, kubwerera kumene tinachokera.

Msewu unali wodzaza ndi anthu othawa nkhondo: amayi okankha ngolo, matiresi pamwamba, wotchi yapakhoma itamangidwa ndi chingwe ngati mbuzi. Aliyense maso pansi. Koma mnzangayu ankayenda ngati msewuwo anaulima ndi ambuye ake.

"Chotsa manja m'matumba," ndinanong'ona. "Mapewawo tsitsa. Yenda ngati wochokera kumaliro."

"Wodwala dzino salalikira, mlamu."

Komatu ndisamunyoze, pakamwa mwanayo anali napo. Mayi wina gudumu la ngolo litamuguluka, Virgil analikhomerera ndi mwala uku akumuseketsa, ndipo tinapata mbatata yophika. Pamphambano panali msilikali wa mkono umodzi wofunsa anthu. Virgil anamuuza kanthu akundiloza ine, msilikaliyo anaseka mpaka kutsokomola, n'kutikodola kuti tidutse.

"Wamuuza chiyani?"

"Kuti dzinolo anakuthyola ndi mlongo wanga."

Pofika padoko dzuwa litapendeka, mapazi anga ankalira madzi m'nsapato. Bwato lowolotsa anthu linali limodzi, lathyathyathya, lokokedwa ndi chingwe, ndipo linkayenda ngati laledzera. Kutsidya ndinkatha kuona mitengo, tchalitchi chopanda denga, ndi utsi umene Virgil analumbira kuti ndi wa khitchini ya asilikali athu. Tinaima pamzere. Bwato linapita, linabwera, linapitanso. Ine ndikaponda ndi phazi ili, lija linkadandaula. Ndikakhala pansi, ndinkaopa kuti sindidzukanso.

Polowera m'bwato panaima wapolisi wa asilikali, chitsulo chonyezimira chili lendee pachifuwa. Sankafulumira. Ankayang'ana munthu kuyambira kunsapato, ngati wogula hatchi.

Patsogolo pathu mdala wina ankasuta kaliwo. Fodya weniweni anali atasowa kalekale m'dzikomo, ndiye anaikamo masamba ouma a mbatata, fungo lake ngati akuwotcha nsanza. Virgil, amene sankatha kuima malo amodzi ngakhale pamaliro, anapisa dzanja m'sokosi n'kutulutsa ndudu ya ku Amereka. Ndinamuponda phazi.

"Khazika mtima pansi, mlamu," anatero chapansipansi. "Dzina la kampani ndinafufuta ndi malovu. Ukuyesa ndine mwana?"

Anayatsa. Mitu ingapo inatembenuka, mphuno zikununkhiza, koma anthu anangomeza malovu. Mwina anamuyesa mmodzi wa akatangale, amene panthawiyo anali ambiri ngati nsabwe zathu.

Bwato linagunda gombe. Mzere unasuntha, mpaka tinafika pamaso pa wapolisi uja. Virgil anayamba. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma ndinaona manja ake akuonetsa nyumba ikugwa, moto, mapepala akupsa, kenako chala pamutu panga. Ine ndinabuula mwaluso, ndipo mapazi anandithandiza kuti kubuulako kukhale kochokera pansi pa mtima. Wapolisi anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anagwedeza chibwano kuloza kubwato.

Ndinaponda thabwa lokwererapo. Ndinamva madzi akugunda pansi pake. Ndinayambanso kuganiza kuti nyimbo ija ndimuimbira iti.

Virgil ananditsinzinira diso. Anakoka utsi kamodzi, n'kuiponya nduduyo ndi chala monga achitira anyamata kwathu basi ikafika. Inagwera m'matope isanafike ndi theka lomwe. Anaipondanso ndi chidendene, n'kuipotokola.

Maso onse padokopo anagwera pa nduduyo.

Mdala wa kaliwo anagwada m'matopemo, nayamba kutola fodyayo kamodzikamodzi, akuika m'chikhatho. Amuna ena awiri anagwada pambali pake. Mayi wina anagwira pakamwa. Onse otsala ankangoyang'ana Virgil, monga muyang'anira munthu wotaya mkate m'chimbudzi chaka cha njala.

Dzanja lolemera linagwira kolala yanga n'kunditsitsa pathabwa paja. Lina linali kale pakhosi pa Virgil. Woyendetsa bwato anakoka thabwa lake, chingwe chinalira, ndipo madzi anayamba kukula pakati pa ife ndi bwatolo.

Wapolisi anamasula nsanza ya kuchibwano kwanga mwaulemu ndithu, nayang'ana mano anga, n'kutembenukira kwa Virgil. Analankhula m'Chingerezi chothyokathyoka, koma chomveka bwino lomwe:

"Kwanu ku Amereka, anyamata, fodya alipo wambiri, eti?"