Kachotupa Kapita ku Mavoti

Dokotala anatembenuzira kompyuta kwa Chitsirizira ngati kuti iye angatolepo kanthu. Panali timadontho totuwa basi.

"Mayi, zimene tinatenga ndi singano pa kachotupa ka m'chithokomiro chanu taziyeza. Sitinganene kuti ndi khansa, sitinganenenso kuti si khansa. Zili pakati."

"Pakati pa chiyani, adokotala?"

"Maselo ake sakuoneka ngati athanzi kwenikweni, koma alibenso zizindikiro zokwanira za khansa. Pa anthu khumi amene zotsatira zawo zimatuluka chonchi, ambiri amapezeka kuti alibe. Mmodzi, awiri, mwina atatu amapezeka nayo. Mubwere mwezi wamawa tidzabayenso. Zikadzakanikanso, tidzakambirana zochotsa theka la chithokomirocho kuti tiliyeze bwino."

Chitsirizira anatuluka atagwira pakhosi. Iye ndi telala, anazolowera kuti diresi imakwana kapena siikwana. Mantha anamugwira, ndipo chifukwa cha manthawo anachita chinthu chimene munthu wa m'banja lawo sayenera kuchita: anaimbira foni achemwali ake. Dzuwa lisanalowe, achimwene awo aakulu anali ataitanitsa msonkhano.

Achimwene amenewa onse amawatchula kuti a Wapampando. Kale ankatsogolera bungwe la oyendetsa matakisi mpaka anzawo anawagwetsa pa chisankho, ndiye mpandowo anangousamutsira kunyumba. M'banja limeneli palibe chimachitika popanda kukweza manja. Penti ya geti inavoteredwa. Dzina la galu linavoteredwa kawiri, chifukwa azakhali anadandaula kuti koyambako anali kuchimbudzi.

Loweruka abale anadzaza pabalaza, ena pa sofa yokutidwa ndi pulasitiki, ena pa mipando yobwereka kwa aneba. A Wapampando anagogoda tebulo ndi rimoti ya wailesi yakanema.

"Nkhani ndi imodzi. Achipatala alephera kugamula za mlongo wathuyu. Sukulu yonse ija, mapeto ake akuti zili pakati. Mutu umodzi susenza denga, ndiye tiwathandize."

"Achimwene, dokotala anati ndibwererenso kuti..."

"Chitsirizira, nkhaniyi ikukukhudza iweyo. Malamulo salola kuti uyankhule kapena kuvota."

Chitsirizira, mayi wa ana atatu, wa imvi zake, anamvera ngati mwana. Kubadwa womaliza ndi mlandu wosatha.

Azakhali anadzuka n'kuyamba kumudina pakhosi ngati akusankha mapeyala pamsika. Anati khansa siikhala yofewa chonchi. Achemwali anati Chitsirizira wanenepa chaka chino, ndipo munthu wa khansa sanenepa. Kenaka onse anatembenukira kwa msuweni wawo, amene analonderapo pageti pa chipatala china ndipo kuyambira pamenepo amaonedwa ngati katswiri.

"Ine ndaona odwala ambiri akulowa," anatero msuweniyo atapinda miyendo. "A khansa amayenda mwamtundu wina. Uyu ndamuona polowa muja. Alibe."

"Zamveka," anatero a Wapampando. "Amene akuti si khansa, ndipo mlongo wathu asakabayidwenso pachabe, manja m'mwamba."

Manja anakwera chipinda chonse. Chitsirizira ankadziwa bwino lomwe kuti izi ndi zamisala, kuti kachotupa sikamva za mavoti. Komabe mtima wake unakhala pansi koyamba chichokereni kuchipatala. Zinamukomera, palibe chobisa.

"Amene akuti ndi khansa?"

Dzanja limodzi linakwera kukona, pafupi ndi chitseko. Linali la mwamuna wake, wokonza mafiriji, munthu amene chikwatirire m'banjamo anali asanakwezepo dzanja asanaone kaye kumene a Wapampando aloza.

Azakhali anatsonya.

"Alamu," anatero achemwali, "kapena mwapeza kale wina wolowa m'malo?"

Mwamunayo anangoyang'ana nsapato zake, dzanja likadali m'mwamba. A Wapampando analengeza kuti khansa yagonja momvetsa chisoni, anthu anaomba m'manja, zakumwa zinatsegulidwa.

Atafika kunyumba Chitsirizira analowa m'kachipinda kake kosokera n'kuyamba kumasula mpendero wa siketi umene unalibe vuto lililonse. Mwamunayo anaima pakhomo.

"Ndiye inu mukufuna ndife," anatero iye osadzutsa mutu. "Pamaso pa abale anga."

"Ayi, mayi a ana."

"Nanga dzanja lija?"

"Manja aja atakwera ndinakuyang'anani. Munamwetulira. Ndinadziwa kuti tikagwirizana tonse, mwezi wamawa simudzapita."

"Ndiye mukuganiza kuti ndili nayo?"

"Ine ndimakonza mafiriji. Za m'khosi ndingazidziwire kuti? Ndikungofuna akaonenso."

Chitsirizira anapsa mtima, makamaka chifukwa zinali zoona. Ali pa sofa paja anali ataganiza kale kuti tsiku la kuchipatalalo adzaitane kasitomala wake wa diresi ya ukwati kudzayesa. Anaika lumo pansi n'kulira, kulira kwenikweni kumene anakhala akukubweza masiku onsewo.

Tsikulo litakwana, foni ya mwamunayo inayamba kulira ali pa benchi yodikirira. A Wapampando anali atamva. Pafonipo ankati ulendowo ndi wophwanya chigamulo cha anthu ambiri, ndipo aitanitsa msonkhano wadzidzidzi wokambirana za mwano wa alamu. Mwamunayo anazimitsa foniyo n'kuiika m'thumba la ovolosi.

Namwino anasuzumira pakhomo n'kuitana. Chitsirizira anaimirira.

"Bambo a ana, ndikuopa."

"Inenso," anatero mwamunayo, akumunyamulira chikwama. "Tiyeni."