Ulusi mu Foloko ya Njinga

Njinga ija bambo a Praise, amuna anga, anakaigula ku Blantyre ili nyuwani. Sinali ngati izi amapalasa akabaza pa Bangula pano ayi. Inali ya mashoki: ikagunda dzenje, foloko yakutsogolo imanyonyomala n'kudzukanso yokha. Iwo amapikula mpunga ku Makhanga, tsidya lija la Shire, ndiye ankati msana wawo upumako ku mabampu.

Mwezi usanathe, foloko inayamba makani. Ukaikanikiza imatsika monyinyirika n'kukakamira pansi pomwepo, mpaka uchite kuimenya ndi chibakera.

"Akupusitsani," ndinatero. "Akugulitsani yakale yongopaka penti. Pitani nayo kwa a Paison akaione."

"Ingoisiyani, amake Praise. Ikhala bwino yokha."

Aaa! Munthu amene amathamangitsa nkhuku ndi mwala ikangotera pachishalo, lero akuti ingoisiyani? Ndinayamba kukayikira. Paja masiku amenewo anali atayamba zogona kutsidya, ati bwato lomaliza lawasiya. Ndinene zoona, sindinkadera nkhawa chitsulo ine. Ndinkaopera banja langa.

Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la golosale pafupi ndi msika. M'mawa mwake sindinatsegule n'komwe makina. Ndinaigwira njinga ija ndekha, kuikankha mpaka pansi pa mtengo wa nimu pomwe a Paison amakonzera njinga. Bambo a Praise ankabwera pambuyo panga, akung'ung'udza njira yonse.

A Paison anayamba n'kupotokola kabatani kapamwamba pa foloko, kamene amatsekera mashoki. Anakanikiza, koma ayi ndithu. Anamasula tayala, n'kulibwezera bwinobwino, poganiza kuti mwina linamangidwa mopendekera. Anadonthezera oilo pa timiyendo tonyezimira ta foloko, n'kukanikizanso. Foloko inangotsika pang'ono n'kuima.

"Muli chinthu m'kati umu," anatero, akutenga sikuludiraiva kuti atukule kamphira kotchinga fumbi.

"Muononga, achimwene!" anafuula bambo a Praise. "Njinga yodula iyi."

"Tukulani," ndinatero ine. "Ikaonongeka mudzanene ine."

Anatukula, n'kulowetsamo kawaya kopinda. Chimene chinatuluka chinali chinthu chakuda bii, chonyowa ndi girisi, chopotana ngati tsitsi la m'chipeso. Mbali inayo munatulukanso china chokulirapo.

A Paison anaseka. "Nayu wakuba uja! Ulusi uwu. Mayi, ndinu munamanga nsanza pa timiyendo iti, eti? Azimayi mumatero ndithu, kuti fumbi lisakande chitsulo. Pa njinga zathu zakale sizivuta, koma iyi imayenda chokwera chotsika, ndiye imameza nsalu pang'onopang'ono."

Ine kumanga nsanza? Pakhomo panga njinga ija sinafikepo ndi kansalu ngakhale tsiku limodzi. Ndiye kuti wina ankaimanga kutsidya, wina n'kumamasula asanafike kunyumba.

"Ndi anyamata a pabwato," anatero bambo a Praise, maso ali kumsika. "Amakonda kuseweretsa katundu wa anthu."

"Tandipatseni kuno."

Ndinaviika ulusi uja mu kachitini ka palafini ka a Paison, ndikuufikisa ndi zala. Girisi atachoka, mtundu unaoneka: wachikasu, wobiriwira, ndi kaulusi kagolide kopyapyala. Ndinakhala pa benchi.

Nsalu imeneyo ndinaidula ndi sizasi yanga ine. Anabwera nayo ndi mayi wina wa ku Makhanga, Otilia, woyankhula motsitsa, akusakaniza Chisena. Anati ndimusokere diresi yothina m'chiuno. Chitenje cha golide chotero chimachokera ku Mozambique, pa Bangula sindinachionepo pa munthu wina. Ndipo ndimamukumbukira bwino chifukwa anandikwiyitsa. Aliyense amadziwa kuti tizidutswa totsala ndi ta telala, timasokera mapilo ndi zigamba. Koma iye anaima pomwepo mpaka ndinamutolera tonse, ngakhale kakang'ono ngati chala, n'kutimanga pa mpango. Ndinadzifunsa tsiku lija kuti kodi akatani nato. Pochoka anandifunsanso mwaulemu kuti, "Bambo akunyumba ali bwanji?" Ine chitsiru n'kuyankha kuti ali bwino, zikomo.

"Mukumudziwa Otilia?" ndinawafunsa bambo a Praise.

"Otilia wake uti?"

"Amene ndinamuyeza chiuno ndi manja angawa, kuti akakukongolereni inu."

Bambo a Praise anangovula chipewa n'kuyamba kuchitembenuza. A Paison nawo anangoweramira pa njinga ngati sakumva. Anapukuta, anapaka girisi watsopano, anabwezera timphira tija. Atakanikiza, foloko inatsika myaa n'kudzuka yokha, bwinobwino ngati tsiku loyamba.

Ndinapsa mtima, inde, koma chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti mkazi uja ankaisamala njingayo. Anakhala pansi, kung'amba tinsalu, kumanga mosamala kuti chinthu cha mwamuna wanga chisakandike.

Ndinakulunga ulusi uja pa ngodya ya chitenje changa, woti ndikaonetse ankhoswe.

"Tiyeni kunyumba tikakambirane, amake Praise," anatero chapansipansi. "Kwerani, ndikutengeni."

"Nyumba ija ili pamalo a amayi anga," ndinawauza. "Njinga yanu yachira, bwato likadalipo padooko. Lero simukavutika n'kumasula nsalu panjira."

Ndinabwerera wapansi kukatsegula makina, chifukwa panali yunifolomu ya Praise yoti ndimalize.