Rebeka ndi Ziganizo za If

Chaka chimene boma latsopano linalengeza kuti sukulu za pulayimale zikhale zaulere, ana anakhamukira kusukulu ngati inswa zikamatuluka pachulu. Pasukulu ina ya m'mapiri a Ntchisi, kamtunda ndithu kuchokera pa Malomo, makalasi anadzaza mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mikuyu. Aphunzitsi anaperewera, ndipo boma linayamba kulemba ngakhale anthu a satifiketi ya Fomu 2. Umu ndi mmene Rebeka analowera uphunzitsi. Anali atasiya sukulu kalekale n'kukwatiwa ndi Alexio, mnyamata wa ku Bowe amene anabwera kudzakhala chikamwini ndi kulima fodya pamunda wa apongozi ake. Anali ndi mwana mmodzi, Fanny. A boma anamuphunzitsa Rebeka kagwiridwe ka choko kwa masiku owerengeka, n'kumupatsa Sitandade 3.

Kumeneko zinkamuyendera. Koma mvula itangoyamba, a Samueli Kanyenda, amene anaphunzitsa Chingerezi mu Sitandade 8 kwa zaka zambiri, anasiya kubwera kuntchito. Anali atayamba kale kuonda ndi kutsokomola, ndipo anthu ankangoti akudwala chifuwa, kenako n'kuyang'anana. Ahedi anaitanira Rebeka muofesi n'kumuuza kuti mwa aphunzitsi atsopano onse iye ndiye anakhoza bwino Chingerezi pamayeso, choncho atenge kalasi ya a Kanyenda mpaka iwo atachira. Rebeka anafuna kukana, koma ahedi anali atamutambasulira kale buku.

Masabata oyamba anapulumukira pa kuwerengetsa nkhani ndi kulembetsa mawu ovuta. Kenako anafika pa tsamba la ziganizo zoyamba ndi if. Panali ziganizo zitatu zokamba za mvula ndi kudzala, zofanana ngati ana a mimba imodzi, koma bukulo linkati n'zosiyana. Anazikopera pabolodi, n'kuziwerenga mokweza, ana n'kumamutsatira. Ndiye mnyamata wina wokhala kumbuyo, womera kale ndevu, amene ankabwereza kalasiyo, anafunsa chifukwa chake chiganizo chachiwiri chikuti rained pamene mvulayo sinagwe. Rebeka anayang'ana pabolodi, anayang'ana m'buku, n'kuyankha kuti ndi mmene azungu amayankhulira. Ana anaseka chapansipansi, kuseka koti mphunzitsi sangaloze amene wayambitsa.

Ataweruka anapita kunyumba ya a Kanyenda, kuseri kwa bwalo la mpira. Anawapeza atagona pamphasa pakhonde, atafunda bulangeti dzuwa likuswa mtengo, akazi awo, a Lusiya, atakhala chapafupi akusadzula nkhwani. Rebeka anagwada, anapereka moni, n'kunena chimene anabwerera. Ankayembekezera kuti amubweza. Koma a Kanyenda anadzuka pang'onopang'ono n'kutsamira khoma, maso awo olowa m'kati aja akuwala.

"Madamu, mukati mvula ikagwa tidzala, ndi mukati mvula ikanagwa tikanadzala, ndi chimodzimodzi?"

Rebeka anati ayi. Koyambako mvula ikhoza kugwa, koma kwachiwiriko nthawi inapita kale ndipo sinagwe.

"Ndiye mukuzidziwa kale," anatero a Kanyenda. "Chatsala n'kuziveka malaya a Chingerezi."

Kuyambira pamenepo ankapitako masana aliwonse. Ankakhala pakampando pakhonde pomwepo, a Lusiya ali pambali ndi ntchito zawo. A Kanyenda sanali mphunzitsi wofatsa. Rebeka akalakwitsa ankamenya mphasa ndi chikhatho, kenako chifuwa n'kuwagwira mpaka misozi. Mtundu woyamba wa ziganizozo sunavute, unali wa zinthu zotheka ndipo unkayenda ndi will. Wachiwiri ndi umene unamuzunguza mutu. Iwo anafotokoza kuti mneni wooneka ngati wa kale uja sakunena za kale, akunena zongoganizira, monga munthu akati nditakhala mbalame ndingauluke. Rebeka ankati If I was, iwo n'kukalipa kuti were, ndipo akafunsa chifukwa chake ankamuyankha kuti pamayeso sadzafunsa chifukwa. Pang'ono ndi pang'ono khutu lake linazolowera. Anayamba kupanga ziganizo zakezake m'njira, pochapa, ngakhale posambitsa Fanny. M'kalasi mnyamata wandevu uja anafunsanso funso lake lija, ndipo ulendo uno anayankhidwa, n'kuwerama kuyamba kulemba.

Tsiku lina a Kanyenda anamuuza kuti apereke chiganizo cha mtundu woyamba chochokera m'mutu mwake. Rebeka, pofuna kuwalimbitsa mtima, anati, "If you go to the hospital, you will get well."

A Lusiya sankamva Chingerezi, koma anasiya zimene ankachita ataona nkhope ya amuna awo.

"Galamala yake ili bwino," anatero a Kanyenda, n'kutembenukira kukhoma. Phunziro la tsiku limenelo linathera pomwepo.

Nthawi yonseyi m'mudzi anthu sanagone. Pamjigo amayi ankafunsana kuti mkazi wapabanja amakafunanji tsiku ndi tsiku kwa mwamuna wogona pamphasa. Ena anakumbukira kuti a Kanyenda ali bwino anali oyendayenda, ndipo anati chibwenzicho sichinayambe lero, apo ayi munthu wa Fomu 2 akanapatsidwa bwanji Sitandade 8. Nkhaniyo inatsika phiri mpaka pa Malomo, ndipo Alexio anaimva kumeneko pamene ankakonzetsa njinga yake.

Alexio sanali munthu wandewu. Anafika n'kukakhala pansi pa chigafa cha fodya, chakudya osachikhudza. Rebeka atamutsatira, iye anayankhula akuyang'ana pansi.

"Amake Fanny, anthu akundiseka. Kwa a Kanyenda kuja musapitekonso."

Rebeka anafotokoza kuti amakhala pakhonde, poonekera aliyense wodutsa, ndiponso kuti a Lusiya sachokapo. Alexio anati sakutsutsa. Koma kwawo ku Bowe anaika kale achimwene ake ndi alamu ake, onse matenda omwewo, ndipo anaona mmene munthu amathera. Anati iye safuna kufera za eni.

Rebeka anasiya kupitako. Inali miyezi ya njala, nkhokwe zitatha, chimanga chisanakhwime. Kenako malungo anamugwetsa, ndipo atadzuka siketi yake inkachita kumangidwa ndi chingwe. Amayi a pamjigo anaona zimenezonso. M'buku munali mutatsala mtundu wachitatu, wa zinthu zoti zinalephereka kale, ndipo ankati akayesa yekha, had ndi would have zinkangosakanikirana. Ndiye ahedi analengeza kuti alangizi a zamaphunziro abwera kudzaona aphunzitsi atsopano akuphunzitsa, ndipo ochita bwino ndi amene adzatumizidwe kukoleji. Rebeka anaganiza zopitako kamodzi kokha, kotsiriza.

Anapeza pakhonde palibe mphasa. Pabwalo panaima ngolo ya ng'ombe, ndipo anthu oyandikana nawo anali ataima patali atapinda manja. A Lusiya anatuluka m'nyumba maso atatupa n'kunena kuti abambo sakudyanso, m'mimba simukuleka, ndipo iwo abwereka ngolo kuti awatengere kuchipatala, koma mwini ngolo wakana kuwagwira. Rebeka anaika buku pazenera n'kulowa. Iye anagwira kumapewa, a Lusiya kumiyendo. Munthu wamtali uja anali wopepuka ngati mtolo wa mapesi. Powakweza m'ngolo mutu wawo unagwera pachifuwa pa Rebeka, ndipo anasanzira bulauzi yake. Anatsegula maso, anamuzindikira, n'kufunsa ndi mawu osamveka bwino ngati anafika pa mtundu wachitatu. Rebeka anati sanafikepo.

"Had mbali ya if, would have mbali inayo," ananong'ona. "Musasakanize."

Ng'ombe zinanyamuka, a Lusiya atakhala m'ngolomo atagoneka mutu wa amuna awo pamiyendo.

Pofika kunyumba anapeza nkhani itamutsogolera. Alexio anangoyang'ana bulauzi ija. M'mawa mwake anamangirira zovala zake panjinga n'kuuza apongozi ake kuti akukaona amayi ake ku Bowe. Fodya anali atayamba kupsa m'munda. Sanabwerere. Ankhoswe atapita kukafunsa, anabwera ndi yankho loti Alexio akufuna aone kaye mmene thupi la mkaziyo liyendere.

A Kanyenda anamwalira kuchipatala komweko, ndipo mtembo wawo unapita kwawo ku Dowa. Rebeka anafuna kupita kumaliro koma amayi ake anamuletsa, anati wadziputira zokwanira. Anakhala pakhomo ndi buku lija, akubwereza mawu amene anamva pangolo, mpaka ziganizozo zinayamba kuima bwino. Zinali zosavuta kuposa mmene ankaopera, ndipo zimenezi zinamuwawa, chifukwa panalibenso woti akamuonetse.

Tsiku limene alangizi anabwera, m'kalasi munali mipata. Makolo ena anali atauza ana awo aakazi kuti asamalowe phunziro la Chingerezi. Rebeka anaphunzitsa otsalawo. Anayamba ndi Chichewa monga anaphunzitsidwira, kenako anawoloka nawo kupita ku Chingerezi, ndipo ana anapanga ziganizo za mbewu zimene zinakokoloka ndi za mlatho umene unaduka. Alangizi ankagwedeza mutu uku akulemba. Potuluka anamugwira chanza.

Koma a komiti ya sukulu anali atafika kale kwa ahedi. Anati safuna kuti ana awo akuluakulu aziphunzitsidwa ndi mkazi wa mbiri yotere, ndipo wina anawonjezera kuti kutumiza kukoleji munthu woti wayamba kale kuonda n'kungowononga malo. Ahedi anamuuza Rebeka zimenezi akusanja mabuku patebulo, osamuyang'ana. Anati dzina lake silinatumizidwe ulendo uno, ndipo agwirizire Sitandade 1 mpaka zinthu zitazizira. Rebeka anafunsa ngati iwo akukhulupirira zimene anthu akunena. Ahedi anati zokhulupirira zawo zilibe ntchito, iwo amakhala ndi anthu. Sitandade 8 inapatsidwa kwa mphunzitsi wina watsopano, amene ana akamufunsa za if ankawatumiza kukasesa bwalo.

A Lusiya anabwera kudzatenga katundu chifukwa nyumba inali ya sukulu ndipo inkafunika. Lole itadzaza, anayenda mpaka pansi pa mkuyu pamene Rebeka ankaimbitsa tiana a, e, i, o, u. Anamuitanira pambali n'kumugwira dzanja. Dzanja lawo linali lotentha, ndipo asanayankhule anatembenuka n'kutsokomolera m'chitenje.

"Inu nokha ndi amene munawagwira," anatero. "Ndamva zimene zakuchitikirani. Ndikanadziwa ndikanakubwezani tsiku loyamba lomwe."

Rebeka anati palibe mlandu. Anafuna kufunsa za chifuwacho koma anadzigwira, ndipo a Lusiya anaona kuti wadzigwira. Woyendetsa lole analiza hutala, iwo n'kumapita.

Ataweruka, Rebeka anabereka Fanny n'kutsikira kumunda, kumene anapeza amayi ake akuthyola fodya okha. Masamba a m'munsi anali atawola kale ndi mvula, ena atachita mawanga. Anamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba mzere wake, akusankha amene akanatha kupachikidwa, owolawo n'kumawataya m'khwawa.