Kudzazonda a Bwerezanso

"Ine ndikangowayang'ana m'maso, odwalawo achira lero lomwe. Kuphunzitsa n'chiyani? Kuima pamthunzi n'kumalankhula basi! Ine ndikhoza kuphunzitsa kalasi yonse uku ndikugulitsa misomali."

Mawuwo analowera pazenera n'kuwapeza a Bwerezanso ali chagada pabedi, bulangeti mpaka m'khosi, kunja dzuwa likuswa mtengo. Mwini mawuwo ankamudziwa. Anali a Tcheya a komiti ya makolo, eni sitolo ya zitsulo ya pakona, munthu wovala tayi ngakhale pokataya zinyalala. A Bwerezanso anangotembenuza pilo. Ankadziwa kuti ana atatu okha a kunyumba kwa a Tcheya amawasowetsa mtengo wogwira.

Dzina la Bwerezanso anawapatsa ndi ana a m'kalasi mwawo, chifukwa ndi mawu amene ankatuluka pakamwa pawo kawirikawiri kuposa moni. Tsopano sabata inali kutha sukulu ili chitsekere. Aphunzitsi onse anadwala m'mawa umodzi, atangoona kuti malipiro aja ankati akwera, angokwera ndi ndalama yogulira sopo wochapira kolala. Sitalaka inali yoletsedwa, koma lamulo loletsa kudwala linali lisanalembedwe. Pangano la aphunzitsi linali lachidule: aliyense agone, ndipo wopezeka ataimirira pamaso pa ana wagulitsa anzake. A Tcheya nawo ankasaka mphunzitsi mmodzi yekha wathanzi woti akamunenere ku ofesi, achotsedwe ntchito, enawo atengerepo phunziro.

Vuto linali lakuti a Bwerezanso kugona masana sankakutha. Miyendo inkawayabwa. Anali atayang'ana malata onse a padenga mpaka kudziwa lomwe lidzayambe kudontha.

Akazi awo anasuzumira pakhomo. "Abambo, funditsani mapaziwo. Kwabwera odzazonda matenda."

"Angati?"

"A Tcheya, amayi angapo, ndi kalasi yanu yonse. Akuti anawa alibe kowasiya."

"Auzeni ndagona."

"Ndawauza. Akuti adikira mudzuke. Musadzuke. Mukadzuka, mudziwe kokadya."

A Tcheya analowetsa mutu m'chipindamo, nanunkhiza ngati akufuna fungo la mankhwala. "Pepani aphunzitsi. Kodi chikukupwetekani n'chiyani kwenikweni?"

"Thupi lonse, a Tcheya. Makamaka cha m'thumba umu."

"Nanga anthu oweruka masana, tchuthi katatu pachaka, mukufunanso chiyani?"

A Bwerezanso anayankha ndi chifuwa. Anali atachiyeserera kwa masiku angapo, ndipo chinatuluka bwino.

"Chabwino, gonani," anatero a Tcheya. "Anawa ndiwaphunzitsa ndekha, pabalaza panu pomwe pano, mumve mmene ntchito imagwiridwira."

Chitseko anachisiya chotsekula dala. Anapempha katoni ndi khala, nasuntha tebulo, ana n'kudzaza pansi mpaka pakhonde. Amayi aja anakhala pamipando, manja pachifuwa.

"Munalekezera pati?" anafunsa a Tcheya.

"Kuphatikiza matheka!" anayankha anawo. Wina anawonjezera, "Belu linalira tisanamalize. Anati adzamaliza mawa lake, koma mawa lake anadwala."

Mawu amenewo anawalasa a Bwerezanso. Zinali zoona. Samu ija anaisiya pabolodi ilibe yankho, mayeso ali pafupi. Anadzikoka n'kufunda mutu.

Bulangeti silitseka makutu. Anamva khala likukwecha pakatoni, kenako mawu a a Tcheya, odzaza ngati a munthu wotsegulira mlatho.

"Zosavuta izi. Theka ndi wani pamwamba, thu pansi. Kuphatikiza theka lina. Zapamwamba paokha: thu. Zapansi paokha: folo. Ndiye thu pamwamba, folo pansi. Tinene tonse!"

Ana ananena onse, mokweza, mokhulupirika. Pabedi, chala chachikulu cha kuphazi cha a Bwerezanso chinayamba kugwedera chokha. Zaka makumi awiri akhala akuzula udzu umenewu m'mitu ya ana, lero munthu akuubzala pabalaza pawo, pakatoni yawo.

"Lembani m'makope," anatero a Tcheya.

A Bwerezanso anatsitsa mwendo umodzi. Akazi awo, amene anaima pakhomo ngati mlonda, anauyang'ana mwendowo mpaka unabwerera wokha.

"Amayi, akulemba m'makope," ananong'ona.

"Alembe. Inu ndinu odwala."

"Akawauzanso ang'ono awo kunyumba."

"Mukufuna ntchito kapena mukufuna matheka?"

Anatembenukira kukhoma, natembenukiranso kuchitseko. Kenako pakamwa panatseguka pasanapemphe chilolezo.

"Bwerezanso!"

A Tcheya anafika pakhomo nkhope ikuwala. "Ehee! Mwachira?"

"Ayi ndithu," anatero a Bwerezanso, mutu uli papilo. "Ndikubwebweta ndi malungo. Koma tabwerani nayo katoniyo kuno. Thu pamwamba, folo pansi, ndi chiyani ananu?"

"Theka!" anatero mtsikana wina, atachedwa pang'ono.

"Ndiye a Tcheya akuti theka kuphatikiza theka ndi theka. Mwina ndi iwo amene amawerengera malipiro athu."

Amayi aja anaseka mpaka wina anagwira khoma. Mmodzi anafunsa ngati kusitolo nako theka la kilo ya misomali kawiri amalipiritsa theka.

Ana analowa m'chipinda chogona, ena pansi, ena pasutikesi, ena m'mbali mwa wadiropu. Odwala sakanatha kugwira katoni, ndiye panafunika munthu wamtali woti aikweze pomwe maso a munthu wogona angafike. Onse anayang'ana a Tcheya.

"Kwezani pang'ono. Fufutani folo uyo. Ayi, ndi dzanja, si tayi. Zapansi zikafanana sitizikhudza. Bwerezanso!"

"Zapansi zikafanana sitizikhudza!"

Anaphunzitsa chogona choncho, chala chokha chikutuluka m'bulangeti kuloza apa ndi apo. Kuchoka pa matheka anapita pa magawo atatu, kenako pa zapansi zosiyana. M'chipindamo munatentha ngati mu uvuni. Mwana wina analira kuti amuponda, awiri anakanganirana pensulo, wina anapempha kupita kuseri, ndipo onsewa ankadandaulira a Tcheya, poti ndi iwo anaimirira. Mikono yawo inalema ndi katoni ija. Thukuta linatsikira m'kolala.

"Kodi belu lilira nthawi yanji?" anafunsa motsitsa mawu.

"Kuno kulibe belu," anatero akazi a a Bwerezanso. "Ndipo ku ofesi kuja mukakanene zomwe mwaona. Amayiwa ndi mboni: mwawapeza ali gone, mukuwasiya ali gone."

A Bwerezanso anaitanitsa makope limodzilimodzi, kuwayang'ana atawakweza pamwamba pa nkhope, n'kumachonga ndi cholembera chofiira chimene chinapezeka pansi pa pilo. Atachonga lomaliza anatseka maso.

"Samu ija ndinakusiyirani pabolodi ndi imeneyi. Tamalizana. Tsopano tulukani, mukusokoneza odwala."