Dothi la M'munda mwa a Isake

Agogo aNabanda ataona mdzukulu wawo Chithokozo atagwada m'mphepete mwa munda wa a Isake, kapulasitiki kali m'manja, anathamangira komweko.

"Iwe, dzuka. Dzuka msanga anthu asanakuone."

Chithokozo anali atabwera dzulo lake kuchokera ku koleji ya zaulimi. Ankati m'dothi lomatirira ku mizu ya mtedza muli tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo tina timadyetsa mbewu. Ku labu amatiika m'makina n'kuona ngati m'chibadwa mwawo muli chizindikiro cha ntchito imeneyo. Mtedza wa a Isake ndiwo unali wobiriwira kuposa wina uliwonse kuno ku Nathenje, ndipo popanda dothi lakelo kafukufuku wa mtsikanayo sakanatha.

"Agogo, n'kadothi kodzaza supuni basi."

"Okawa zokolola za anzawo m'matsenga amatapanso kochepa komweko. Chaka chamawa mtedza wawo ukakana, adzati anatapa dothi ndi mwana wa yani? Makina akowo adzabwera kudzakuyankhira pabwalo?"

Agogo anayang'ana tizala ta mtsikanayo tosalala ta kusukulu, nakumbukira mayi wina wa ku Diamphwe amene anasamuka pamudzi chifukwa cha nkhani yotereyi.

Agogo anapita kumunda kwawo, natapa dothi pansi pa mtedza wawo wonyozolokawo, nalimanga pansonga ya chitenje. Kenako anamugwira dzanja Chithokozo ulendo wa kwa a Isake, dzuwa lili paliwombo, akupereka moni mokweza kwa aliyense panjira kuti pasadzapezeke wonena kuti anazemba.

"Odi kuno. Tabwera kudzasinthana, bambo. Mwanayu akufuna dothi lanu akaliyeze kusukulu. Langa ndi ili, mulisunge. Zikadzaipa kwanu, mudzadziwa pondigwira."

A Isake anamasula mfundoyo, nalipekesa dothilo ndi zala, n'kuyamba kuseka.

"Lotopa chonchi? Apa mwandidyera masuku pamutu, mayi."

Komabe anaitana akazi awo kuti aonerere, natenga khasu, n'kuzula okha phata limodzi la mtedza, nathira dothi la ku mizu m'kapulasitiki kaja.

"Mtsikana, ukatipeza tizilomboto, ukatiuze tina tisamukire kwa agogo akowa."

Pobwerera, agogo anakana kuti Chithokozo anyamule yekha. Anakafumbata okha kapulasitikiko ngati mwanapiye.

"Mu minibasi usakakaike pansi, anthu angakaponde. Usakapatse munthu kuti akugwirire. Ndipo ukamaliza kuyeza, lotsalalo ubwere nalo, tikabweze pamene tazula paja."

"Chabwino, agogo."

"Tidzabweze masana, anthu akuona. Ndidzakuperekeza."